Mzere Umene Ndidatseka pa Nyumba ya a Simeoni

Ana anga, za ubwana wanga palibe cholemba. Ndidaweta ng'ombe, ndidalekeza Sitandade 3, basi. Ndilemba za ntchito. Mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene ndidasiyira ukapitao ndikadali ndi mphamvu. Yankho lake ndi nyumba ina ya njerwa ya pa Nsipe, ya malemu a Simeoni Mbewe. Sindidaimange ine. Koma idatsala pang'ono kugwetsedwa chifukwa cha manja anga, ndipo mayi wamasiye akadatsala pa mtetete.

1935, Lizulu

Ntchito yanga yoyamba idali yoponda matope. Mmwenye wina ankamangitsa sitolo pa Lizulu, ndipo kapitao wake adali a Lipenga, munthu wamfupi, wosaseka, amene adaphunzira zomanga ku mishoni. Amene adapondapo matope pa Lizulu mwezi wa Juni akudziwa mmene zala za kumapazi zimafera. Ndidaponda chaka chathunthu. Kenako ndidaumba njerwa, ndidaotcha uvuni, ndipo tsiku lina a Lipenga adandiponyera chipande chomangira nati ndikweze khoma la kanyumba kosungira mchere. Ndidalikweza bwino, chingwe ndi levulo zidavomera. Koma ndidangoligunditsa ku khoma la sitolo, osalowetsamo njerwa. A Lipenga adafika, nayang'ana, nati, "Iwe, khoma ili lakwatiwa ndi ndani?" Adaliponda kamodzi ndi nsapato, lonse pansi. "Khoma lizilumana ndi linzake. Njerwa iyi ilowe uku, yapamwamba ilowe uko, ngati zala za manja awiri. Ukadzaona mzere woongoka pokumana makoma, udziwe kuti pamenepo padamanga mbuli." Anzanga adandiseka sabata yonse. Mawu amenewo adandilowa m'mafupa. Adandiphunzitsanso kuti ukafika pa nyumba ya eni usayambe wafunsa mwini wake, uyambe wayang'ana khoma.

1938, Nsipe

Tidasamukira pa Nsipe kukamanga sitolo ina. Chapatali pang'ono ndi msewu padali nyumba ya njerwa ya munthu wakuda, yokhayo m'dera lonselo. Anthu ankangoti "pa Njerwa". Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi ndidapita kukaizungulira. Maziko ake adali a miyala, ofika m'bondo. Pamwamba pa miyalayo adayalapo malata odula, otulukira kunja pang'ono ngati mlomo wa chipewa, kuti chiswe chikakwera chizibwerera. Njerwa zake zidali zazikulu kuposa zathu. Mzere wina zogona m'litali, wotsatira zoonetsa mitu. Njerwa zimene zidada kumutu chifukwa choyandikira moto mu uvuni, zomwe ife tinkataya, iye adazisunga n'kuziika mzere wachisanu uliwonse, ndiye khoma linkaoneka ngati lavala mikanda yakuda. Sadamangire simenti. Adamangira dothi la pa chulu, n'kutseka kunja kokha ndi laimu. Chumuni chidali pakati pa nyumba kuti moto umodzi uzifunditsa zipinda ziwiri. Khonde lidali ndi nsanamira zinayi, ndipo pakati pake njerwa zidapindika ngati uta, malo atatu, popanda chitsulo kapena thabwa lozigwira. Ndidaima pamenepo nthawi yaitali, khosi mpaka kuwawa.

Nditazungulira kum'mawa ndidapeza kachipinda kakang'ono, ka denga lakelake lotsika. Pokumana kachipindako ndi nyumba yaikulu padali mzere woongoka, kuchokera pa maziko mpaka kudenga, mbali zonse ziwiri. Ndidazula udzu n'kulowetsapo. Udalowa wonse.

"Mukufuna kundibera khoma, amisiri?"

Ndidatembenuka. Adali mwini nyumba, a Simeoni, bambo wamtali, woonda, wokhosomola. Adakhala zaka zambiri ku migodi ya ku Joni, poyamba pansi, kenako pamwamba akumanga nyumba za antchito. Adabwerako nkhondo yoyamba ya azungu itatha, ndipo pa Nsipe adali mkulu wa mpingo.

"Iyayi bambo, ndikungoona."

"Mwaona chiyani?"

"Munthu amene adapinda njerwa pa khonde paja sangaiwale kulumitsa khoma. Kachipinda aka adamanga wina?"

"Ndidamanga ndine. Chaka chomwecho, njerwa za uvuni womwewo."

"Nanga bwanji?"

Adaseka mpaka chifuwa chidawagwira. Atapuma adati, "Zaka zonsezi anthu amabwera kudzaona malata. Inu ndinu woyamba kuona mzerewu. Ndidamanga mmene ndinkafunira. Tiyeni mukamwe thobwa."

Miyezi isanu imene tidakhala pa Nsipe ndinkapitako Lamulungu lililonse. Adandiuza zonse. Adandionetsa dimba limene adaumbira njerwa zilimwe ziwiri, iwo ndi akazi awo a Nangozo. Adandiuza kuti matabwa opindira njerwa za pa khonde adalibe, choncho adaunjika dothi lonyowa pakati pa nsanamira, n'kuliumba ngati msana wa ng'ombe, n'kuyala njerwa pamwamba pake, zitagwirana n'kufukula dothilo ndi khasu. Nzeru imeneyo ndidaigwiritsa ntchito moyo wanga wonse. Koma ndikangoti nditchule za mzere uja, ankayamba nkhani ya mvula. Ndidadziwa chabe kuti amagona m'kachipindako, okha. Ndidafunsa a Lipenga. Adati, "Adaledzera." Ndidati samwa. Adati, "Ndiye adatopa." Ine sindidakhutire. Ndidaganiza kuti mwina nthaka ya kum'mawako ndi yofewa, ndiye amaopa kuti ingakoke nyumba. Ndidakumba ndi ndodo, padali mwala. Ndidachoka pa Nsipe funsolo lili m'mutu.

1944, Nsipe kachiwiri

Zaka za nkhondo yachiwiri zidali zouma kwa amisiri. Simenti kudalibe, malata kudalibe, misomali tinkawongola yakale pa mwala. A Lipenga adapuma ntchito n'kundisiyira levulo yawo ndi theka la thumba la simenti, lomwe ndidalikulunga m'chikopa n'kuliika pa nsanja. Ine ndidali kwathu ku Biriwiri, ndikulima kabichi. Tsiku lina padafika pa njinga a Filipo, mwana wa a Simeoni, amene adali mphunzitsi. Adati bambo awo ali ku chipatala cha mishoni mwezi wachitatu tsopano, chifuwa cha ku migodi chija. Adati mvula ya mphepo imalowa pa mzere paja, kachipinda kamachita chinyezi, koma bambo amakana kugona kwina. Ankafuna ndikatseke asadatuluke m'chipatala. Ndinene zoona. Ndidakondwa. Mzere uja udandisautsa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ndidayamba kukhulupirira kuti a Lipenga ankanena zoona.

Ndikutsitsa zida pa Njerwa, a Nangozo adatuluka m'khitchini, napukuta manja. "Amisiri, bambo ake a Filipo sadafune kuti munthu akhudze pamenepo."

"Adanena chifukwa chake, amayi?"

"Adangoti pasakhudzidwe."

A Filipo adati, "Amayi, munthu wamkulu akalakwitsa savomera, amangoletsa. Kodi tiwasiye afe ndi chinyezi chifukwa cha manyazi?"

Ndikadamata dothi pa mzerepo n'kudikira mwini wake, sibwenzi ndikulemba izi. Koma ndinkafuna kuonetsa umisiri. Ndidaboola khoma la nyumba yaikulu, mzere wina kudumpha wina, n'kulowetsamo njerwa zopingasa, theka m'nyumba, theka m'kachipinda. Ndidamangira simenti ya a Lipenga ija, yonse. Mtanda wa denga la kachipindako ndidauchotsa n'kuika wautali, wolowa m'khoma lalitali limene limanyamula denga lalikulu. Masiku asanu ndi atatu. Nditamaliza, ngakhale singano sikadalowa. Posakhalitsa ndidapeza ntchito kutali, chakumadzulo kwa Lilongwe. A Simeoni adanditumizira mawu kawiri kuti ndikaonane nawo. Ndidayesa akufuna kundithokoza, ndiye ndidati ndidzapita ndikadzapeza mpata. Ndidamva pambuyo pake kuti tsiku limene adatuluka m'chipatala adasisita khomalo ndi dzanja kufunafuna mzere, atausowa adakakhala pa khonde, osadya tsiku lonse.

1946, ku esiteti ya fodya

Ndidali kapitao tsopano, ndikumangitsa mabalani ootchera fodya a mzungu wina. Ndidali ndi nyumba ya pa ntchito, chipewa ndi wezulo. Amayi anu adali ndi pakati pa Esinati. Mwezi wa Ogasiti dalaivala wa lole adandipatsa kalata ya a Filipo. Idati bambo amwalira, afera m'kachipinda kaja. Idati a Gwaza, achimwene awo a malemu, akuti kachipindako kadali nyumba payokha, koma mmisiri adakasandutsa nyumba imodzi ndi yaikulu, tsono zigwere limodzi pa tsiku lometa.

Inu ana simudazione izi. Kale munthu akamwalira, nyumba imene waferamo inkatchedwa siwa, ndipo munthu sankagonamonso. Pa tsiku limene abale amameta tsitsi potsiriza maliro, adzukulu, amene amakumba manda aja, ankaigwetsa. Nyumba ya mitengo ndi udzu sinkadandaulitsa, sabata imodzi yamangidwa ina. Nditawerenga kalatayo ndidakhala pansi pa mulu wa njerwa. Funso la zaka zisanu ndi zitatu lidayankhidwa. A Simeoni sadatope, sadaiwale. Adadzimangira kanyumba kofera, kosalumana ndi kanthu, kuti kadzagwe kokha.

Ndidapita kwa bwana. Adafunsa ngati womwalirayo ndi m'bale wanga. Ndidati iyayi. "Ndiye ukatani?" Ndidati ndikaphwasula ntchito yanga. Adati mabalani ayenera kutha mvula isadagwe, ndipo ndikakwera lole ndisiye chipewa ndi wezulo pa tebulo pakepo. Sindimuda, mabalani adalidi asadathe. Ndidapita kunyumba kukauza amayi anu. Adali akusankha nyemba. Osadzutsa mutu adati, "Simentiyo adaika ndani?" Ndidati ndine. Adati, "Nanga mukundifunsa chiyani?" Mmawa mwake ndidasiya chipewa.

Ndidafika pa Nsipe Lachiwiri masana. Pabwalo padali kale unyolo wa ngolo ndi magoli a ng'ombe, zokokera makoma. Pa khonde padakhala a Gwaza, nkhalamba ya jasi lausilikali, yosapita ku tchalitchi. A Filipo adali chiimire. A Nangozo adali pa mphasa, atafunda nsalu kumutu.

A Gwaza adandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Ndinu amene mumadziwa kumanga kuposa mng'ono wanga?"

"Ndine amene ndidalakwa, bambo."

"Khalani pansi mumve. Mng'ono wanga akuumba njerwa zake ndidamuuza kuti, iwe Simeoni, kaya ndi njerwa kaya ndi chitsulo, ukadzafera momwemo tidzagwetsa. Iye adati, achimwene, ndimanga kanga kapadera, ndidzafera momwemo, mudzagwetse kameneko, yaikuluyo mudzawasiyire mkazi wanga ndi ana. Ine ndidati chabwino, koma kakhale kapadera ndithu, bango lizidutsa pakati. Tidapangana awiri pansi pa mtengo wa mango uwo. Sadauze munthu chifukwa akadamva a ku mpingo akadamuchotsa ukulu. Adasunga mawu ake. Tsiku lomaliza adachita kukwawa kukagona m'menemo. Koma bango silidutsa."

"Zachikunja zimenezi," adatero a Filipo. "Mawa ndikupita ku boma, tione ngati mugwetse nyumba ya amayi."

"Bambo ako ankapemphera kuposa iwe," adayankha a Gwaza, "koma ife sadatitaye."

A Nangozo adavundukula nsalu. "Filipo, khala pansi. Ukapita ku boma nyumba itsala, inde. Koma m'bale wa bambo ako sadzapondanso pakhomo pano, ngakhale pa maliro anga. Ndiye ndizicheza ndi njerwa?" Kenako adatembenukira kwa ine. "Amisiri, ndidakuuzani kuti pasakhudzidwe. Njerwa izi ndidasenza ndine pamutu, kuchokera ku dimba, Filipo ali kumbuyo. Kwina kopita ndilibe."

Ndidafunsa a Gwaza kuti kumeta ndi liti. Adati Loweruka. Ndidati, "Bango likadutsa, mugwetsa kachipinda kokha?" Adati, "Likadutsa kuchokera kudenga mpaka pa maziko, mbali zonse ziwiri. Koma siwa sakhudza munthu wamba. Mukaligwira ndinu mdzukulu, mudzameta nafe." Ndidavomera.

Ndidagwira ndekha, chifukwa palibe amene akadayandikira. Ndidayamba ndi denga. Ndidachirikiza mtanda uja ndi mlongoti wa bulugamu n'kuucheka ndi sowo pafupi ndi khoma. Kenako njerwa. Dothi la a Simeoni linkachoka ndi chala. Simenti yanga inkakana. Kuimenya mwamphamvu kukadang'amba khoma lalikulu, lomwe ndinkafuna kupulumutsa, choncho ndinkadula njerwa iliyonse pakati ndi tchizulo, pang'onopang'ono, ngati wosema mtondo. Ndidadzitukwana chifukwa chomanga bwino. Lachinayi zala zidaphulika, a Nangozo adandimanga nsanza osandilankhula. Anthu odutsa pa msewu ankaima n'kumafuula, "Amisiri, mukumanga kapena mukumasula?" Lachisanu dzuwa likulowa ndidaona kuwala kukudutsa pa mzere.

Loweruka mmawa anthu adadzaza bwalo. A Gwaza adatenga bango lalitali, nakwera pa nsanja yanga. Mbali ya kumwera lidatsika mpaka pa maziko. Mbali ya kumpoto lidatsika bwino, lidafika m'chiuno, lidafika m'bondo, n'kuima. Adalikankha, lidapindika. Anthu adayamba kung'ung'udza, wina adakokera ng'ombe pafupi. Ndidagwada n'kusuzumira. Kadali kachibulumwa ka simenti, kochepa ngati dzira la nkhunda, kamene kadagwera mkati n'kukakamira. Ndidati, "Bambo, ndiloleni." Adandiyang'ana, nayang'ana a Nangozo, nasendera. Ndidamenya katatu. Bango lidagunda mwala wa maziko. A Gwaza adaliponya pansi nati, "Chotsani ng'ombezo. Aka n'kanyumba payokha."

Adzukulu adachotsa malata, naika milongoti mkati, nakankhira kunja. Kachipinda kadapendama, kadagwa konse kamodzi, kutali ndi nyumba, monga mwini wake adakonzera. Fumbi litatha ndidayang'ana chumuni. Chidali chiimire. Ndidayang'ana khoma. Lidalibe mng'alu. Koma ndidaonanso china. Khomalo, mbali imene idali mkati mwa kachipinda, lidali lozira ndi dothi, ndipo pogwa paja dothilo lidakanganuka. Kunsi kwake kudali njerwa zotsekedwa bwino ndi laimu, mikanda yakuda ija ikupitirira mzere wachisanu uliwonse, pamalo pamene munthu sadaonepo kwa zaka zoposa makumi awiri. Khomo lolowera m'kachipinda lidali ndi uta wake pamwamba ndi mwala wopondera pansi, ngati khomo lakunja. A Simeoni adamanga mbali imeneyo akudziwa kuti tsiku lina idzaona dzuwa. A Nangozo adayandikira, nasisita njerwazo, nati, "Bambo ameneyu."

Ndidameta nawo limodzi. Njerwa za siwa adzukulu adapita nazo kumanda, tidazungulizira pa mtumbira wa malemu. Ndidakhala masiku ena atatu ndikutseka mabowo amene ndidaboola, ndi dothi la pa chulu, osati simenti, ndikupachikanso chitseko pa khomo lija. Potsanzikana a Gwaza adati, "Mumamanga bwino, amisiri. Muzifunsa." Ndidati ndidafunsa, sadandiyankhe. Adati, "Ndiye mukadasiya."

Ukapitao sindidaupezenso. Ndidabwerera ku Biriwiri, Esinati adabadwira m'nyumba ya udzu ya agogo ake, ndipo zaka zonse zotsala ndidamanga nyumba za anthu wamba, matchalitchi ang'onoang'ono ndi zitsime. A Nangozo adakhala pa Njerwa mpaka ukalamba wawo, abale a amuna awo akubwera kudzacheza pa khonde. Nyumbayo ilipo. Mukadzadutsa pa Nsipe mukapemphe kuona khoma la kum'mawa. Mudzaona mikanda yakuda yaduka malo angapo, m'malo mwake muli njerwa zotuwa. Zotuwazo ndi zanga.

Chomaliza. Nyumba yathu ino ndidaimanga mu 1957. Kangapo konse mwandiseka za mzere uli pokumana chipinda changa ndi nyumba yaikulu, ndipo m'bale wanu Yohane adafuna kubweretsa mnzake wa ku sukulu ya zomanga kuti adzatseke. Ndikudziwa kuti mwambo uja udazirala, palibe adzabwere ndi bango. Ndikadzapita, chipindacho mudzachite nacho zimene mudzaone. Koma mzerewo musatseke ine ndili moyo, ndipo musadzauze anthu kuti bambo anu adatopa.